Wokuwombola amayenera kukhala mbale wako

Lamulungu lina mu Disembala titaweruka ku tchalitchi kuno ku Nkhotakota ndinatsala ndi achinyamata a kalasi pansi pa mtengo wa mango, kutentha kwake kuja kwa kunyanja koti olo ukhale pamthunzi thukuta limangoyenderera. Timakonza sewero la Khrisimasi, ana akulimbirana kuti Mariya akhala ndani, mngelo akhala ndani, nde mtsikana wina wa folomu 2 anangoti, "Aphunzitsi, ine pali chomwe sindimvetsa. Mulungu amatha zonse eti? Nanga bwanji sanangolankhula ali kumwamba konko kuti nonse ndakukhululukirani, nkhani nkuthera pompo? Zobadwira m'khola, kukula, kuzunzika mpaka kufa pamtanda zinali za chani?"

Anzake anaseka koma ine sindinaseke. Funso limeneli si lachibwana, Anselm, bishopu wamkulu wa ku Canterbury ku England, analemba buku lathunthu cha m'ma 1098 pofuna kuyankha lomweli, loti Mulungu anakhaliranji munthu. Ndinamuyankha mwachidule tsiku lija chifukwa ana anali ndi njala, koma zakhala zikundizungulira m'mutu, nde ndati ndilembe bwinobwino.

Ndiyambire kwathu. Ndili sitandade 6 amayi anadwala kwambiri, bambo nkukakongola ndalama za katapira kwa munthu wina wa bizinesi, chikole chake anaika bwato ndi ukonde, zomwe zinkatidyetsa pakhomo. Amene mukuidziwa katapira mukudziwa mmene imaberekerana, mwezi ukatha yawonjezera, wina ukatha yawonjezeranso, ndipo chaka chimenecho mwera unavuta, asodzi amakhala masiku osalowa m'madzi. Tsiku linafika mwini ndalama anabwera ndi anyamata ake kudzatenga bwato. Anthu anadzaza kugombe, ena akupukusa mitu, ena akuti pepani pepani, chisoni anali nacho ndithu koma panalibe yemwe akanalowerera chifukwa mlandu sunali wa pamtundu pawo. Yemwe analowerera ndi atsibweni, mlongo wawo wa amayi, omwe anachoka ku Dwambazi atagulitsa mpunga wawo wonse wa chaka chimenecho. Anafika ndi matola fumbi lili mbuu, osapuma nkomwe, nkuti, "Alamu, khalani pansi. Wodwalayo ndi mlongo wanga, anawa ndi mbumba yanga, mlanduwu ndi wanga." Anamasula kansalu, nkuwerenga ndalama pamaso pa onse, bwato linatsala.

Mawu oti kuwombola ine ndinawamvetsa tsiku limenelo, Baibulo ndisanalidziwe. Ndipo nditakula ndinadabwa kupeza kuti m'Chipangano Chakale lamulo lake linali lomwelo. Pa Levitiko 25 akuti munthu akasauka mpaka kugulitsa munda wake, kapena kudzigulitsa yekha kukhala kapolo, woyenera kumuwombola ndi wachibale, kaya mbale wake, kaya mbale wa atate wake, kaya wina wa magazi amodzi. Pa Chihebri munthu ameneyu amatchedwa goel. Nkhani ya Rute ndi Boazi yonse yagona pamenepa, Boazi sanangochita chifundo ngati munthu wodutsa, anali wachibale wa malemu mwamuna wa Naomi, mpaka anayamba wafunsa kaye wachibale wina yemwe anali pafupi kuposa iye pamaso pa akulu pachipata cha mudzi. Ngati pabwalo la amfumu ndithu. Yobu naye ali m'masautso ake aja, ponena kuti akudziwa kuti Momboli wake ali moyo, mawu omwe anagwiritsa ntchito ndi omwewa.

Nde taonani vuto lake. Ife anthu tili mu ngongole yomwe sitingaibweze, ndipo aliyense wa pamtundu pathu ali mu ngongole yomweyo, palibe atsibweni omwe ali ndi mpunga wogulitsa. Yemwe angathe ndi Mulungu yekha, koma Mulungu si wa magazi athu. Kalata ya Ahebri mutu 2 ndi yomwe imamasula mfundoyi, imati popeza anawo ndi a thupi ndi magazi, Iyenso anatenga zomwezo, ndipo sachita manyazi kutitchula abale ake. Kubadwa kwa Yesu ndi pomwe Mulungu analowa m'banja mwathu kuti athe kuimirira pabwalo nkunena kuti mlanduwu ndi wanga.

Apa pakufunika kufatsa chifukwa Chichewa chathu chikhoza kutisocheretsa. Pa Yohane 1:14 timawerenga kuti Mawu anasandulika thupi. Ife tikamva kusanduka timaganiza nthano zija zoti munthu wasanduka fisi, akakhala fisi ndiye kuti umunthu wausiya kaye. Sizimenezo. Mwana wa Mulungu sanasiye kukhala Mulungu pomwe anali kuyamwa bere la Mariya. Komanso si ngati munthu wogwidwa ndi mizimu, woti mzimu walowa, walankhula, kenako wachoka munthu nkutsala. Ndipo si ngati wovala chigoba kumaso kuti aoneke china pomwe mkati ndi wina. Maganizo atatu onsewa analipo kale mu mpingo woyambirira ndipo mpingo unawakana. Panali ena omwe ankati Yesu ankangooneka ngati munthu, njala yake ndi misozi yake zinali zongoyerekeza, nchifukwa chake 1 Yohane 4:2 imalimbikira kuti mzimu wochokera kwa Mulungu ndi wovomereza kuti Yesu Khristu anabwera m'thupi.

Mikangano imeneyi yambiri inachitikira mu Africa momwe muno, anthu ambiri sadziwa. Arius anali wansembe wa ku Alexandria ku Egypt, iye ankaphunzitsa kuti Mwana analengedwa, kuti inalipo nthawi yomwe kunalibe Mwana. Mabishopu anakumana ku Nicaea mu 325 nkukana zimenezo, anati Mwana ndi wobadwa, osati wolengedwa, ndipo ali ndi umulungu umodzi ndi Atate. Athanasius, wa ku Alexandria komweko, anathamangitsidwa pa mpando wake wa ubishopu kangapo konse chifukwa chokakamira mfundoyi. Kenako mu 451 ku Chalcedon anamanga mfundo yoti Yesu ndi mmodzi, Mulungu weniweni komanso munthu weniweni, ziwirizi osasakanikirana komanso osalekana. Zimamveka ngati nkhani za anthu ophunzira zopanda ntchito kwa msodzi wa ku Chia, koma tabwererani kugombe kuja. Atsibweni akanakhala opanda ndalama, chibale chokha sichikanapulumutsa bwato. Akanakhala ndi ndalama koma mlendo, mlandu sukanawakhudza. Ngati Yesu si Mulungu, alibe chowombolera. Ngati si munthu, si mbale wathu. Gregory wa ku Nazianzus, bishopu wa m'zaka za m'ma 300, ananena mfundo yomwe ine imandigwira mtima, yoti chomwe Khristu sanachitenge sichinachiritsidwe. Ndiye kuti anatenga zonse, thupi, maganizo, mantha, kutopa.

Ndipo Mauthenga Abwino sabisa. Anatopa nkukhala pansi pachitsime cha Yakobo nkupempha madzi akumwa. Analira kumanda a Lazaro. Anali mmisiri wa matabwa, manja ake ankadziwa zikanga. Ine yomwe ndimaikonda ndi ya pa Marko 4, namondwe wauka panyanja, madzi akulowa m'ngalawa, Iye ali kumbuyo mtulo tofa nato mutu pa mtsamiro. Aliyense yemwe anagwirapo ntchito usiku wonse panyanja pano akudziwa tulo timeneto, toti olo mafunde akumenye sukumva. Munthu yemweyo wotopayo ndi yemwe anadzuka nkudzudzula mphepo, mphepo nkumvera. Ndipo atauka kwa akufa ophunzira anamupeza m'mawa kugombe atasonkha moto wamakala, nsomba ili pamoto, akuti bwerani mudzadye.

Pa Yohane 1:14 pomwepo pali mawu ena okoma. Pomwe pakuti anakhala pakati pathu, Chigiriki chake chimanena za kumanga chihema, ngati chija Aisraeli ankayenda nacho m'chipululu. Ine ndimaona misasa ya asodzi ija yomwe imamangidwa kugombe nyengo ya usipa, ya udzu, yodontha, fungo la nsomba ponseponse, ntchentche, utsi. Mulungu anabwera kudzamanga msasa wake pakati pa misasa yathu, osati lodge ya mpanda patali. Anzathu achisilamu, omwe kuno ndi ambiri ndipo ena ndi abale athu enieni, timadyera limodzi pa ukwati ndi pamaliro, amamulemekeza Isa mwana wa Mariamu ngati mneneri wobadwa mwa namwali, koma pa mfundo yoti Mulungu angakhale munthu mpomwe timasiyana, iwo amaona kuti ukulu wa Mulungu sungalole zimenezo. Ndimawamvetsa, chifukwa nkhaniyi ndi yodabwitsadi, ndipo mkhristu yemwe sinamudabwitsepo ndiye kuti anangoizolowera.

Tsopano za dipo. Mawu amenewa kuno ku Nkhotakota si oseweretsa. Tauni yathu ino inali msika wa akapolo. Kuyambira cha m'ma 1840 Jumbe Salim bin Abdallah ndi omwe anamutsatira ankasonkhanitsa anthu pano, kuwakweza m'zombo kuwoloka nyanja, kutsidyako nkuyenda pansi ulendo wa miyezi mpaka ku Kilwa kugombe la Indian Ocean, ambiri nkufera m'njira. Mkuyu womwe David Livingstone anakumanirana ndi Jumbe m'zaka za m'ma 1860 kumupempha kuti asiye malondawa anthu amabwerabe kudzauona. Nde Paulo akamalemba pa Afilipi 2 kuti Khristu anadzikhuthula nkutenga maonekedwe a kapolo, kapena Yesu mwini akamati pa Marko 10:45 anabwera kudzapereka moyo wake dipo la anthu ambiri, ife tisamawerenge mothamanga. Munthu womangidwa goli m'khosi sangadziwombole, alibe kanthu, iye mwini ndi katundu wa wina. Wina wochokera kunja ayenera kubwera. Ndipo imfa ya pamtanda kwa Aroma inali chilango cha akapolo ndi oukira boma, nzika ya Roma kawirikawiri sinkapachikidwa. Anatsika mpaka pamenepo.

Funso lomwe limabwera nthawi zonse nloti dipolo analipira kwa ndani. Akale ena monga Origen ankaganiza kuti kwa Satana. Gregory wa ku Nyssa anafika popereka fanizo loti asodzi angalikonde, anati umunthu wa Yesu unali ngati nyambo, umulungu wake ngati mbedza yobisika mkati, imfa inameza nyambo nkukodwa. Fanizoli lili ndi choona chake, imfa inamezadi chomwe sikanatha kuchisunga ndipo tsiku lachitatu inalavula. Koma zoti Mulungu anali ndi ngongole kwa Satana ine sindivomereza, ndipo Gregory wa ku Nazianzus uja anakananso, wakuba salipidwa chifukwa choba. Anselm anati vuto lili pakati pa ife ndi Mulungu, tinalakwira ulemu wake ndipo cholakwacho chiyenera kukonzedwa. A nthawi ya Reformation, pomwe mpingo unagawikana m'zaka za m'ma 1500, anatsindika kuti Khristu anasenza chilango chomwe chinali chathu, monga Yesaya 53 amanenera. Ine ndimaona kuti Baibulo limatipatsa mafanizo angapo, la pabwalo la milandu, la nsembe, la nkhondo, la msika wa akapolo, chifukwa limodzi silingakwane. Chomwe tiyenera kusamala ndi kujambula Atate ngati bambo wolusa yemwe Mwana wachifundo akumugwira dzanja. Ayi. 2 Akorinto 5:19 imati Mulungu anali mwa Khristu akuyanjanitsa dziko kwa Iye mwini. Wolakwiridwayo ndi yemwe anagulitsa mpunga wake.

Apa mpomwe pali yankho la mtsikana uja. Kukhululuka kwaulere kulibe, kumakhala kwaulere kwa wokhululukidwayo basi. Wina akakuphwanyira foni iwe nkunena kuti zisiye, foniyo siidzikonza yokha, ndiwe amene uluze. Mayi yemwe mwana wake anamutukwana pagulu akamulandiranso pakhomo, manyazi aja amawameza yekha. Mulungu akanangolankhula ali kutali kuti zatha, ndiye kuti akunena kuti zomwe zinachitika pagombe lino, ana olandidwa kwa amayi awo, zinali zazing'ono zongofufuta ndi mawu. Mtanda ukunena kuti tchimo ndi lolemera zedi, komanso kuti wolisenza ndi Iye.

Chisomo ndiye dzina la zonsezi tikaziona kuchokera mbali yathu. Koma mawu amenewa masiku ano tawapotoza ndipo zimandipweteka. Munthu akagula galimoto amalemba pa Facebook kuti ndi chisomo, visa ikatuluka chisomo, mpaka chisomo chasanduka dzina lina la mwayi. Kuthokoza Mulungu pa zinthu zimenezi nkwabwino, sindikutsutsa, koma nanga agogo aja omwe amapemphera m'bandakucha uliwonse nyumba yawo ikudontha, iwo chisomo chinawalambalala? Choipa kwambiri ndi pomwe anthu akuuzidwa kuti agule mafuta kapena madzi, kapena afese mbewu ya ndalama zakutizakuti kuti chisomo chitseguke. Pa Machitidwe 8 Simoni wamatsenga anatulutsa ndalama kuti agule mphatso ya Mulungu ndipo Petro anamuuza kuti ndalama zakezo awonongeke nazo limodzi. Chinthu chogula ndi katundu, chisomo sichigulidwa.

Yesu anachifotokoza ndi nkhani ya ganyu pa Mateyu 20. Mwini munda analemba anthu m'mamawa nkupangana nawo malipiro a tsiku, ena anawatenga 9 koloko, ena masana, ena 5 koloko madzulo dzuwa litapendeka kale. Polipira onse anawapatsa zofanana, oyamba aja nkuyamba kudandaula. Kunena zoona aliyense yemwe anagwirapo ganyu yopalira mpunga m'dambo kuyambira m'mawa, msana ukuwawa, misundu ikuluma, amawamvetsa odandaulawo. Koma taganizani za wa 5 koloko uja. Sanali waulesi, anati palibe yemwe anatilemba. Tsiku lonse waima pamsika akudziwa kuti kunyumba ana agona ndi njala. Mwini munda sanamulipire molingana ndi mizere yomwe walima, anamupatsa zoti banja lake lidye tsiku limenelo. Ambirife timadziyesa a m'mamawa, pomwe tili a 5 koloko.

Nkhaniyi inavutanso mu mpingo kalekale. Pelagius, mphunzitsi wochokera ku Britain, ankati munthu ali nazo mphamvu zomvera Mulungu payekha akangolimbikira. Augustine, bishopu wa ku Hippo komwe lero ndi ku Algeria, anati ayi, ngakhale kufuna kwathu komweko nkodwala, chisomo ndi chomwe chimayamba, ife tisanasunthe nkomwe. Msonkhano wa ku Carthage mu 418 unakana chiphunzitso cha Pelagius. Patapita zaka zoposa 1,000 Martin Luther anadzutsanso nkhaniyi mu 1517 pokana malonda a zikhululukiro, mpingo nkugawikana, mpaka mu 1999 ku Augsburg Akatolika ndi a Lutheran anasainirana chikalata chovomerezana kuti timalandiridwa ndi Mulungu mwa chisomo chokha pokhulupirira ntchito ya Khristu, osati chifukwa cha kuyenera kwathu, ndipo Mzimu Woyera ndi yemwe amatipatsa mphamvu zochita ntchito zabwino. Kusiyana kudakalipo pa zina, koma pa tsinde pake anagwirizana.

Ena amaopa kuti tikalalikira chisomo chotere anthu atayirira, aziti tichimwe bola tikalapa. Paulo anafunsidwa zomwezo pa Aroma 6 ndipo anakana kwamtuwagalu. Aefeso 2 yomwe imati mwapulumutsidwa ndi chisomo osati ndi ntchito, vesi 10 yake imati tinalengedwa mwa Khristu kuti tichite ntchito zabwino. Yakobo naye akuti chikhulupiriro chopanda ntchito nchakufa. Sakutsutsana anthuwa. Ntchito zimabwera pambuyo ngati zipatso, sizikhala malipiro. Munthu wowomboledwa ku ukapolo yemwe akubwerera yekha kukavala goli ndiye kuti sanamvetse chomwe chamuchitikira. Ndipo ngati Mulungu anatenga thupi, ndiye kuti thupi la munthu si chinthu chachabe, njala ya mnzako, mimba ya mtsikana wa zaka 14, wodwala yemwe wagona pansi m'chipatala, zonsezi ndi nkhani za uzimu, sitinganene kuti ife timangosamala za mizimu.

Bambo anga zinawavuta kulandira, ndikukumbuka. Amuna ambiri zimativuta, timafuna tibweze kuti tisamaoneke ochepa. Nyengo itasintha nsomba zitayamba kugwidwa anasonkhanitsa ndalama nkupita nazo ku Dwambazi, atsibweni anakana, anati, "Alamu, ine sindinakukongozeni. Mukandibwezera ndiye kuti mwandisandutsa wakatapira." Bambo anabwerako ali chete, masiku angapo osalankhula zambiri. Kenako anayamba kachitidwe kena, akagwira chambo chabwino kapena kampango wamkulu amapatula, amayi nkuwamba, nkundituma ine pa basi kukapereka. Zinapitirira zaka, mpaka atsibweni atakalamba maso atasiya kuona bwino ndi bambo omwe ankapita kukawafolerera nyumba dzinja lisanafike.

Ulendo wina ndikupereka nsombazo ndinawauza kuti bambo akuti iyi ndi yachikhumi chaka chino. Atsibweni anagwira phukusilo, nkulinunkhiza, nkuitana akazi awo kuti atereke madzi a nsima. Kenako anandigwira paphewa nkuti, "Mphwanga, ukawauze bambo ako kuti nsomba ndalandira ndipo ndidya, koma zowerengazo asiye."